Kodi ndibwerere kubanja kuti mwana wanga ayambirenso kukhoza kusukulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene anapempha kuti dzina lawo lisatchulidwe. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi zomwezo:

"Banja langa linatha chaka ndi miyezi inayi yapitayo. Ndili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 14 ndi wamwamuna wa zaka 10, ndipo onse ndikukhala nawo ine. Wamkaziyo sandivutitsa, ndiye amandithandiza chilichonse pakhomo. Koma mlongo wakeyo, amene kale sankachoka pa ana asanu oyambirira m'kalasi, pano wabwerera m'mbuyo kwambiri. Homuweki salemba, ndipo kumudzutsa m'mawa ndi nkhondo. Nditapita kusukulu, aphunzitsi ake anandiuza kuti ana opanda bambo pakhomo ndi mmene amakhalira. Achibale ena akuti ndibwerere kwa bambo ake chifukwa cha ana, ena akuti ndipeze banja lina msanga. Ife tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, ana akumva. Kodi n'zoona kuti mwana woleredwa ndi kholo limodzi sapita patali ndi sukulu? Kodi ndawononga tsogolo la mwana wanga?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yanu. Funso lomalizalo ndiyankhiretu kuti mtima ukhale pansi: simunawononge tsogolo la mwanayu. Mwana amene anazolowera kukhoza, n'kutsika m'chaka chimene nyumba yake yagwedezeka, nzeru zake sizinapite kulikonse. Funso linalo ndiye lofunika kulikhalira pansi, chifukwa m'mawu a aphunzitsi aja muli kachoonadi pang'ono, ndipo mawu okhala ndi kachoonadi pang'ono amavuta kuwatsutsa kuposa bodza lamkunkhuniza.

Ndiyambe ndi mbali yosakoma. Mukatenga ana zikwizikwi n'kuwagawa pawiri, awa okhala ndi makolo onse, awa okhala ndi kholo limodzi, gulu loyambalo limakhozako bwino mayeso ndipo limakhalitsa pasukulu. Zimenezi zaoneka m'mayiko ambiri, sindikubisirani. Mmodzi mwa anthu amene anazifufuza mozama ndi a Sara McLanahan, amene anali pulofesa pa yunivesite ya Princeton ku America. Mayi amenewa nawonso analerapo okha ana atatu banja lawo litatha, ndipo anayamba kafukufukuyo ndi mtima wofuna kutseka pakamwa anthu onyoza amayi olera okha ana. Manambala anawakanira. Mu 1994, iwo ndi anzawo a Gary Sandefur anatulutsa zimene anapeza: ku America, ana okula ndi kholo limodzi ankasiyira panjira sukulu ya sekondale mowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi anzawo okhala ndi makolo onse awiri.

Anthu ambiri akamva pamenepo amatseka makutu, nkhani yatha. Chonsecho awiriwa anafunsanso funso lina: chikuwagwetsa anawa n'chiyani kwenikweni? Anapeza kuti pafupifupi theka la kusiyanako gwero lake ndi ndalama. Banja likatha, nyumba imene mwatsala anamo kawirikawiri imasauka mwadzidzidzi. Thumba limodzi liyenera kulipira nyumba, fizi, yunifolomu, mabuku ndi mankhwala, pamene kale matumba anali awiri. Mbali yaikulu ya theka linalo anaigawa pa zinthu ziwiri: nthawi imene kholo limakhala nayo yoyang'anira mwana, ndi kusamuka. Kusamukaku anthu amakuona ngati nkhani ya katundu basi, koma kwa mwana kumatanthauza sukulu yatsopano pakati pa chaka, mphunzitsi amene sakudziwa kuti ameneyu ndi katswiri wa masamu, ndi kutaya anzake amene ankapita nawo limodzi. Ndalama, nthawi, malo okhazikika. Onani kuti pa zinthu zitatuzi palibe chimene chili m'magazi a mwana, ndipo palibe chimene chimafuna ndevu pakhomo kuti chikonzeke.

Komanso mawu akuti "mowirikiza kawiri" amaopseza kuposa mmene zinthu zilili. M'kafukufuku yemweyo, ana ambiri oleredwa ndi kholo limodzi anamaliza sekondale bwinobwino. A Mavis Hetherington a pa yunivesite ya Virginia anatsatira mabanja pafupifupi 1,400 kwa zaka zokwana ngati 30. Iwo anapeza kuti pa ana 100 alionse amene makolo awo analekana, 20 mpaka 25 anakula ndi mavuto aakulu a khalidwe kapena a maganizo, pamene m'mabanja osatha anali 10. Kawirinso pamenepo. Koma werengani otsalawo: 75 mpaka 80 anakula ngati ana ena onse. Aphunzitsi amene akuti "ndi mmene amakhalira" akunena za mwana mmodzi pa ana anayi kapena asanu, n'kuwaiwala enawo, chifukwa mwana wokhoza palibe amene amamufunsa kuti kwanu mumakhala ndi ndani.

Pali chinthu china chimene ine chimandithandiza kuganiza bwino pa nkhaniyi. Ana amene bambo awo anamwalira, m'kafukufuku wa ku America, amapita patali ndi sukulu kuposa ana amene makolo awo analekana, moti nthawi zina amatsala pang'ono kufanana ndi ana a makolo awiri. Nyumba zonsezi mulibe bambo. Chikanakhala kuti mpando wopanda munthu ndiwo umagwetsa mwana, magulu awiriwa akanagwa mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti pamaliro anthu amabwera kudzagwira mayi ndi ana dzanja, ndipo mwana amaloledwa kukonda bambo ake poyera. Banja likatha ndi mkangano, achibale amagawikana, ena amasiya kuyankhulana, ndipo mwana akatchula bambo ake patebulo nkhope za akuluakulu zimasintha.

Tsopano achibale amene akuti mupeze banja lina msanga. Ngati mwapeza munthu amene mtima wanu wamukonda, amenenso amalemekeza ana anu, zimenezo n'zanu, ine sindilowererapo. Koma kukwatiwa ngati mankhwala a malikisi, ayi. A McLanahan ndi a Sandefur omwe aja anapeza kuti ana okhala ndi bambo owapeza ankasiya sukulu pafupifupi mofanana ndi ana okhala ndi mayi okha, ngakhale kuti m'nyumbamo ndalama zinali zitawonjezeka. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa chifukwa chimodzi chachikulu: chimene chimatopetsa mwana ndi kusinthasintha. Lero m'nyumba mwatuluka munthu, mawa mwalowa wina ndi malamulo ake, mwina ndi ana ake, mkuja nayenso watuluka. Kusintha kulikonse kumadya miyezi ingapo ya maganizo a mwana, ndipo miyeziyo sukulu sikhala ikumudikira. Mwana amene wakula ndi mayi okha m'nyumba ya bata kuyambira ali wamng'ono mpaka kukula nthawi zambiri amayenda bwino kuposa amene waona amuna atatu akulowa ndi kutuluka. Bambo owapeza abwino alipo, ndipo ana ena anawaphunzitsa ndi iwowo mpaka kuyunivesite. Koma ameneyo amabwera pa nthawi yake, sasakidwa ndi lipoti la sukulu m'manja.

Nanga zobwerera kwa bambo awo? Apa ndigwira chiganizo chimodzi cha m'imelo yanu: "Tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, ana akumva." A Paul Amato ndi a Alan Booth anatsatira mabanja ku America kwa zaka zoposa 10, n'kutulutsa zotsatira zake mu 1997. Anapeza kuti m'mabanja amene munali mikangano yoopsa yosatha, ana anakula bwino makolo atalekana kusiyana ndi pamene makolo anapirira n'kukhalabe limodzi. Kulekana kumene kunapweteka ana kwambiri ndi kwa mabanja amene ankaoneka a mtendere, kumene mwana anangodzuka tsiku lina n'kuuzidwa kuti zatha. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, mu 1991, gulu lotsogoleredwa ndi a Andrew Cherlin linayang'ana ana a ku Britain ndi ku America amene ankatsatiridwa kuyambira makolo awo asanalekane. Linapeza kuti mbali yaikulu ya mavuto a anyamata, kusukulu ndi pakhalidwe, inali itayamba kale banja lisanathe. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo udzuwo umayamba kupondedwa njovu zisanasiyane. Funsani aphunzitsi akuonetseni malikisi a mwana wanu teremu ndi teremu. Mwina mudzapeza kuti kutsikaku kunayamba bambo ake adakali m'nyumba.

Sindikunena kuti anthu olekana sayanjananso. Ena amayanjana, ndipo ana amakondwa. Koma chimene mwana amafuna m'nyumba ya makolo awiri ndi mtendere wa m'menemo. Ngati chimene chinkakukanganitsani chidakalipo, kubwerera kudzamupatsa mkangano womwe uja, n'kuwonjezerapo mantha akuti tsiku lina mudzalongedzanso. Ndipo ngati munkamenyedwa, zimene simunanene koma ndikudziwa kuti owerenga ena zikuwakhudza, palibe mayeso a mwana amene angakomere m'nyumba yotero.

Zonsezi ndi za ku America ndi ku Britain, ndipo wina angafunse ngati zili choncho kulikonse. Sizili choncho ndendende, ndipo kusiyanako kumaphunzitsa zambiri. Mu 1996, a Cynthia Lloyd ndi a Ann Blanc anayang'ana mayiko asanu ndi awiri a mu Africa: Cameroon, Kenya, Malawi, Namibia, Niger, Tanzania ndi Zambia. Atayerekeza nyumba zopeza mofanana, anaona kuti ana a m'nyumba zoyendetsedwa ndi amayi kawirikawiri ankapezeka pasukulu kuposa ana a m'nyumba zoyendetsedwa ndi abambo. Mayi akagwira yekha thumba, gawo lalikulu la zimene wapeza limapita kwa ana. Ku KwaZulu-Natal ku South Africa, a Anne Case ndi a Cally Ardington anapeza mu 2006 kuti imfa ya mayi imabweza m'mbuyo kwambiri sukulu ya mwana, pamene imfa ya bambo inkaonekera makamaka pa umphawi wa pakhomo. Ku Kagera ku Tanzania, ana amene amayi awo anamwalira iwo adakali aang'ono anataya pafupifupi chaka chathunthu cha sukulu poyerekeza ndi anzawo. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, anatero akale, ndipo manambala akuwavomereza.

(Abambo amene mukulera nokha ana, musakhumudwe ndi ndime imeneyi. Chimene chikusowa mayi akachoka ndi munthu amene amadziwa kuti kope la sayansi latha, kuti mayeso ndi Lachinayi, kuti mwana wabwera ali ndwii. Ntchito imeneyo bambo angaiphunzire. Vuto limabwera pamene bambo aisiyira m'bale kapena mkazi watsopano n'kumaganiza kuti kulipira fizi kwakwanira.)

Ngakhale pakati pa mayiko olemera pali kusiyana. Kafukufuku wa mu 2003 wa a Suet-ling Pong ndi anzawo, amene anayerekeza mayeso a masamu ndi sayansi m'mayiko 11, anapeza kuti ana a kholo limodzi ankatsalira kwambiri ku America ndi ku New Zealand, pamene m'mayiko amene boma limathandiza mabanja ndi ndalama za ana komanso tchuthi cha makolo kusiyanako kunali kochepa. Mwana wopanda bambo pakhomo ndi yemweyo kulikonse. Chosintha ndi katundu amene kholo lotsalalo lasiyiridwa kuti lisenze lokha.

Tibwere kwa mnyamata wanuyo. Chaka ndi miyezi inayi ndi nthawi yaifupi. A Hetherington anaona kuti zaka ziwiri zoyambirira banja litatha ndizo zimavuta kwambiri, kwa ana ndi kwa makolo omwe, ndipo pambuyo pake ambiri amayamba kukhazikika. Inu mudakali mkati mwake. Mwana wa zaka 10 sanena kuti, "Amayi, ndili ndi nkhawa." Amadwala m'mimba Lolemba m'mawa, amataya kope, amamenya mnzake pa nkhani ya pensulo. M'kalasi thupi lilipo, koma mutu uli pa mafunso amene sanafunse munthu: kodi bambo anachoka chifukwa cha ine? Kodi amayi nawonso adzachoka? Ndikaweruka ndikapeza ndani? Mafunso amenewa ngati simunawayankhe, ayankheni ngakhale sanakufunseni. Muuzeni momveka kuti iye alibe mlandu pa zimene zinachitika, kuti inu simupita kulikonse, ndiponso kuti kukonda bambo ake si kukulakwirani. Mudzafunika kunena kangapo, chifukwa ana amamva zotere pang'onopang'ono.

Palinso msampha wina umene makolo sauona. Masamu ndi kuwerenga zimamangidwa ngati khoma, njerwa pamwamba pa njerwa. Mwana akakhala miyezi itatu mutu uli kwina pamene anzake akuphunzira kugawa manambala aatali, nkhawa ija ikadzatha dzenje limatsalabe. Phunziro lotsatira silimveka, ndipo mwana amene anazolowera kuimika dzanja amachita manyazi kunena kuti sakumva. Kusiya homuweki kumamupepukira kusiyana ndi kuoneka mbuli. N'kutheka kuti ulesi umene mukuuonawu ndi manyazi. Tengani makope ake a chaka chatha, mutsegule limodzi, mupeze tsamba limene zolakwa zinayambira kuchuluka, ndipo muyambire pamenepo, kaya ndi inu, kaya ndi mlongo wake tsiku limene ali ndi mpata, kaya ndi mphunzitsi wapadera ngati thumba likulola. Muonenso zinthu wamba zimene timaziiwala chifukwa tapeza kale chifukwa chachikulu. Kodi akuona bwino pa bolodi? Kodi pali amene akumuvutitsa panjira? Kodi amagona nthawi yanji? Madokotala amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo m'nyumba imene kholo limafika mochedwa kuchokera kuntchito, nthawi yogona ndiyo imayamba kusokonekera. Nkhondo ya m'mawa ija mwina imayambira usiku pa foni kapena pa wailesi yakanema.

Za aphunzitsi aja ndilankhula ngati munthu amene anagwirako choko zaka zingapo. Mawu amenewo ndinawamvapo kambiri tikamacheza aphunzitsi tokhatokha, ndipo ndivomere, ndinawanenapo. Amatuluka mosavuta, chifukwa akangotuluka ntchito yatha: vuto lili kunyumba, ine ndilibe chochita. Kuipa kwake n'kwakuti mwana amamva, ngakhale asanenedwe pamaso pake. M'zaka za m'ma 1960, a Robert Rosenthal ndi a Lenore Jacobson anauza aphunzitsi a pasukulu ina ya pulayimale ku California kuti ana ena, amene anawatchula mayina, atsala pang'ono kutulukira kwambiri m'maphunziro. Mayinawo anangowasankha mwachisawawa. Chaka chitatha, ana amenewo, makamaka a m'makalasi oyambirira, anakweradi kuposa anzawo. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti mphamvu imeneyi si yaikulu ngati mmene anthu anaikokomezera poyamba, koma ilipo, ndipo imagwira kwambiri ana amene anthu anawaika kale chizindikiro. Mphunzitsi amene wagamula kuti uyu ndi mwana wopanda bambo amasiya kumuloza akaimika dzanja, amasiya kudabwa akalephera. Pitaninso kusukuluko, mosakangana nawo, ndi mafunso amene sangayankhidwe ndi mwambi. Ndi phunziro liti limene watsika kwambiri? Zinayamba mwezi uti? Amakhala pati m'kalasi, ndipo amacheza ndi ndani? Kodi mungandiuze sabata iliyonse, ngakhale pa uthenga wa pafoni, ngati homuweki yabwera? Mphunzitsi akadziwa kuti kumbuyo kwa mwana kuli kholo limene lidzabweranso, amamuona mwanayo mwa mtundu wina. Akapitiriza kulankhula zomwezo, kaonaneni ndi ahedi.

Bambo ake simunanene kuti ali kuti, kapena ngati amawaona anawa. Ngati alipo ndipo si munthu woopsa kwa ana, sukulu ya mwanayu ndi ntchito yawonso. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 limanena kuti makolo onse awiri ali ndi udindo wolera mwana, ndipo limapempha maboma kuti azithandiza kuti kholo limene silikukhala ndi mwana lizipereka chithandizo. Mukamafunsa ndalama ya fizi simukupempha chifundo, ndipo kuikana chifukwa cha mkwiyo ndi kukana chinthu cha mwana. Mu 1999, a Amato aja ndi a Joan Gilbreth anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 63 okhudza abambo osakhala ndi ana awo. Kuchuluka kwa maulendo okaona mwana pakokha sikunasinthe zambiri. Zimene zinkayenderana ndi kukhoza kwa mwana kusukulu ndi ziwiri: kupereka chithandizo, ndi kukhala kholo lenileni pa nthawi imene ali limodzi, kufunsa za homuweki, kumvetsera, kuyamikira, kudzudzula. Bambo amene amangobwera ndi mphatso n'kukasangalatsa mwana Loweruka ndi mlendo wabwino, koma bambo amene amaimba foni Lachitatu madzulo n'kufunsa kuti mayeso a masamu aja anayenda bwanji ndi amene akulera. Atumizireni chithunzi cha lipoti, labwino ndi loipa lomwe. Ngati mwana amagona nyumba ziwiri, mugwirizane nthawi yogona ndi yowerenga, ndiponso kumene mabuku azikhala, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa: kope lili kwa bambo, homuweki ikufunika mawa, ndipo aliyense akuganiza kuti mnzake waona.

Chimodzi chokha ndikupemphani, ngakhale ndikudziwa kuti n'chowawa. Mwana asakhale mthenga. "Ukawauze bambo ako kuti fizi yakwana" ndi katundu amene mwana wa zaka 10 amalowa naye m'kalasi n'kukhala naye pa desiki tsiku lonse. Nkhani za ndalama zidutse pakati pa akuluakulu. Ndipo ngati bambowo safuna n'komwe, musawalonjezere kwa mwana kuti abwera, komanso musawatukwane iye akumva. Muuzeni zoona zimene msinkhu wake ungasenze, basi.

Kaya bambo alipo kaya palibe, mutu umodzi susenza denga. Bungwe lochita kafukufuku la ku America la Pew Research Center linawerenga mu 2019 kuti padziko lonse ana 7 okha pa 100 alionse ndi amene amakhala ndi kholo limodzi popanda wamkulu wina aliyense m'nyumba. Ku America anali 23 pa 100. Makolo ambiri olera okha ana padziko pano amakhala ndi agogo, azakhali kapena amalume a anawo pafupi, ndipo zimenezi zimathandizadi. Kafukufuku wa mu 2002 wa a Thomas DeLeire ndi a Ariel Kalil anapeza kuti achinyamata okhala ndi amayi awo pamodzi ndi agogo ankamaliza sukulu mofanana ndi ana a makolo awiri, nthawi zina kuwaposa. A Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii mpaka atafika zaka 40. Pa ana amene anabadwira m'mavuto aakulu, mmodzi pa atatu alionse anakula bwino ndithu, ndipo chinthu chimene chinkapezeka mobwerezabwereza pa moyo wawo ndi munthu wamkulu mmodzi amene anawagwira dzanja osawasiya. Kwa ena anali agogo, kwa ena mphunzitsi, kwa ena munthu woyandikana naye nyumba. Achibale amene akukupatsani malangizo a banjawo apatseni ntchito. Amalume ake angathe kumamufunsa lipoti teremu iliyonse. Wina angathe kukhala naye masana awiri pa sabata inu muli kuntchito. Amene akane ntchito zazing'onozi mudziwe kuti malangizo awo anali a pakamwa chabe.

Pa nkhani ngati iyi anthu amakonda kutchula a Ben Carson, amene anali dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku America, ndipo mu 1987 anatsogolera gulu limene linalekanitsa mapasa olumikizana mitu pachipatala cha Johns Hopkins. Makolo awo analekana iwo ali ndi zaka 8, ndipo kwa nthawi ina anali kumapeto kwa kalasi. Ine nkhani za anthu otchuka sindizidalira kwambiri, chifukwa munthu mmodzi satsimikizira kanthu, ndipo zimatha kulemetsa mwana amene akungofuna kukhoza masamu a teremu ino. Koma muli kanthu kamodzi kamene ndimakakonda. Amayi awo, a Sonya Carson, anasiya sukulu ali m'kalasi yachitatu ndipo ankagwira ntchito zingapo za m'nyumba za anthu. Anachepetsa nthawi ya wailesi yakanema, n'kulamula ana awo awiri kuti aziwerenga mabuku awiri a kulaibulale sabata iliyonse ndi kulemba zimene awerengazo. Iwo ankalandira mapepalawo n'kumawachonga, chonsecho kuwerenga kunkawavuta, ndipo anawo anadzazindikira zimenezi atakula. Mayiwa analibe nthawi yambiri, analibenso maphunziro. Anali ndi lamulo limodzi losasintha ndi maso oyang'ana pepala. Mphindi 20 tsiku lililonse pa nthawi yomweyomweyo, mwana akuwerenga mokweza inu mukugwira ntchito zanu chapafupi, zimaposa maola atatu a Lamlungu odzaza ndi kukalipa.

Inunso mudziyang'anire. Kholo limene latopa, losagona, lolira mobisa, limakalipa msanga ndipo limasiya kuona zinthu zazing'ono, ndipo ana amawerenga nkhope ya mayi awo bwino kuposa buku lililonse. Ngati papita milungu mukusowa tulo, chakudya sichikulowa, kapena zinthu zimene munkazikonda sizikukomanso, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi. Matenda a maganizo otere amachizika, ndipo mayi akachira ana nawonso amapepukidwa.

Imelo yanu yonse ndi ya mnyamatayo. Mtsikanayo mwamupatsa chiganizo chimodzi: sandivutitsa, ndiye amandithandiza chilichonse. Ineyo ndikuda nkhawa ndi iyeyo kuposa mlongo wake. Kafukufuku amaonetsa kuti anyamata nkhawa zawo zimatulukira kunja, pakhalidwe ndi pa malikisi, n'chifukwa chake amaonedwa msanga ndi kuthandizidwa. Atsikana ambiri amameza. M'nyumba ya kholo limodzi, mwana wamkulu, makamaka wamkazi, amasanduka kholo lachiwiri popanda amene wamusankha. Amaphika, amachapa, amadzutsa mng'ono, amamvetsera madandaulo a amayi ake usiku ngati mnzawo, ndipo aliyense amamuyamikira kuti ndi mwana womvera. Ntchito za pakhomo si zoipa, zimakulitsa munthu. Koma zikadya nthawi ya makope, mtsikana wa zaka 14 amayamba kulowa m'kalasi ali wotopa, kujomba tsiku limodzi mlongo wake akadwala, kenako awiri, ndipo sadandaula chifukwa akuona mmene mukuvutikira. Pa msinkhu umenewu ndi pamenenso munthu aliyense wakunja amene angamufunse kuti "watopa?" amaoneka ngati mpulumutsi. Mnyamata wa zaka 10 angathe kutsuka mbale ndi kusesa, mugawireni. Zodandaula za bambo awo kauzeni mnzanu wamkulu. Ndipo lipoti la mtsikanayu mulione ndi maso omwewo amene mukuonera la mlongo wake, ngakhale litakhala labwino.

Mukadzandilemberanso, mudzandiuze nthawi imene mtsikanayo amatsegula makope ake madzulo, ndi nthawi imene amagona.